Munthu amene anamanga mphira kumapeto kwa mndandanda

Tengani foni, kaya yanu kaya ya kunyumba, mutsegule mndandanda wa nyimbo kapena wa manambala a anthu. Ikani chala pa sikirini, mukankhire m'mwamba mwamsanga, kenako muchotse chalacho. Mayina aja saima pomwepo ayi. Amapitirira kuthamanga okha, n'kumachepetsa liwiro pang'onopang'ono mpaka kuima. Tsopano pitani kumapeto kwenikweni kwa mndandandawo, mukokebe ngakhale kulibenso china. Pa iPhone mndandanda umatsatira chala monyinyirika, ndipo mukausiya umabwerera ngati mphira ya legeni. Pa mafoni atsopano a Android zolembazo zimatamuka pang'ono n'kubwerera, pamene pa akale pamaoneka kuwala m'mphepete.

Ndiye ndikufunseni: chimene chimathamangacho n'chiyani? M'foni mulibe gudumu. Mulibe mphira. Mayina a nyimbo alibe kulemera kulikonse, ndi timadontho ta kuwala basi. Komabe akuyenda ngati chinthu cholemera chimene mwachikankha.

Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa tsiku lina titangomaliza malamulo a Newton: "Aphunzitsi, ine ndikufuna kudzapanga mapulogalamu a pa foni. Nde za matrolley ndi masipuling'izi zidzandithandiza chani?" Anzake anaseka, koma funsolo linali lanzeru, ndipo belu linalira ndisanamuyankhe mokwanira. Yankho langa ndi nkhani ya munthu wina wa ku Netherlands, dzina lake Bas Ording, amene anagwira ntchito ku kampani ya Apple ku California kwa zaka pafupifupi 15, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mpaka 2013.

Maganizo anga ndi akuti pa zonse zimene Ording anapanga, chofunika kwambiri ndi kamphira ka kumapeto kaja, chifukwa ndi kamene kamakuuzani zoona kuti mndandanda watha. Ndipo pulogalamu iliyonse yosunga nyimbo, zithunzi kapena mavidiyo tiziiyesa ndi funso limodzi: kodi imakuthandiza kupeza chimene wabwerera, n'kukulola kuchoka?

Kusunga n'kosavuta, vuto ndi kupeza

Mu Okutobala 2001 kampani ya Apple inatulutsa iPod, kachipangizo koimbira nyimbo kokwana m'thumba. Kanali ndi malo a 5 GB, okwanira nyimbo 1,000. Anthu anadabwa ndi kuchuluka kwa nyimbozo, koma tawerengani nane. Tinene kuti muli ndi batani limodzi lotsikira pansi, ndipo mukulidina kawiri pa sekondi iliyonse. Kuti mufike pa nyimbo yomaliza mukufunika masekondi 500, amene ndi mphindi 8 ndi masekondi 20. Nyimbo yake mwina ndi ya mphindi 4 zokha. N'chifukwa chake iPod inali ndi kagudumu kozungulitsa ndi chala chachikulu: ukazungulitsa mofulumira, mndandanda unkathamanganso kwambiri.

Vuto limeneli mukulidziwa bwino. Memori khadi yodzaza nyimbo zolembedwa Track 01, Track 02, Track 02 inanso. Zithunzi za pa WhatsApp zokhala ndi mayina ngati IMG-20240312-WA0007. Munajambula manotsi a biology a mnzanu mwezi watha, alimo ndithu m'fonimo, koma kuti muwapeze muyenera kudutsa zithunzi za ukwati wa azakhali ndi za mpira. Laibulale imene mabuku ake angounjikidwa m'matumba ili ndi mabuku ofanana ndi imene yawaika m'mashelefu, koma yothandiza ndi imodzi yokha.

Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuthetsa vuto limeneli. Ntchitoyo imatchedwa user experience, mwachidule UX, dzina limene katswiri wa kaganizidwe ka anthu Donald Norman analitchukitsa ali ku Apple kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Munthu wa UX amafunsa kuti wogwira chipangizochi akuona chiyani, dzanja lake likuchita chiyani, akusokonezeka pati, ndipo akutaya masekondi angati. Bas Ording anali mmodzi wa anthu amenewa. Iye anaphunzira luso limeneli pa sukulu ya zaluso ya Utrecht kwawo ku Netherlands.

Intaviyu imene sinayende bwino

Mmene Ording analowera ntchito zinalembedwa m'mabuku awiri odziwika: la Walter Isaacson la 2011 lonena za moyo wa Steve Jobs, ndi la Brian Merchant la 2017 lonena za mbiri ya iPhone. Anapita ku intaviyu, koma zinthu sizinayende. Tsiku lomwelo Jobs, mkulu wa kampaniyo, anakumana naye asanachoke, ndipo mnyamatayo anamuonetsa kanthu kamene anapanga pa kompyuta yake.

Kanthu kake kanali yankho la vuto la malo. M'munsi mwa sikirini ya kompyuta mukufuna kundandalika tizithunzi toimira mapulogalamu ndi mafayilo anu. Tikachuluka, tiyenera kuchepa kuti tikwane, ndipo tikachepa kwambiri sitioneka. Ording anachita zoti kachithunzi kamene mwakalozera kazikula, toyandikana nako tizikula pang'ono, takutali tizikhala momwemo. Mukamayendetsa mausi, kufufumako kumayenda nanu, ngati mukuyendetsa galasi lokulitsa zinthu pamwamba pa mzere wa nyemba. Jobs anamulemba ntchito. Mzere umenewu, wotchedwa Dock, unatuluka ndi Mac OS X mu Malichi 2001, ndipo ulipo mpaka lero.

Kenako anali m'gulu la amene anapanga Exposé, imene inatuluka mu 2003. Munthu akatsegula zinthu zambiri pa kompyuta, mawindo amasanjikizana ngati mapepala pa desiki ya mphunzitsi nthawi ya mayeso. Ndi batani limodzi, Exposé inkawachepetsa onse n'kuwayala mbali ndi mbali kuti uone lililonse, usankhe limene ukufuna, kenako onse abwerere m'malo mwawo. Taonani kuti mawindowo sankangosowa n'kutulukira pena. Ankayenda ukuona, ndiye diso linkatsatira kuti ili lachokera apa, lapita apo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna muzigwire pa chiyambi cha ntchito yakeyi. Choyamba, pakamwa panamulaka tsiku la intaviyu, koma anali ndi chinthu choti aonetse. Chachiwiri ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Ankagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Macromedia Director kupanga zoyeserera, zinthu zooneka ndi kuyenda ngati zenizeni pamene zenizenizo zisanapangidwe. Amayesa, amaona pamene pakuvuta, amasintha nambala imodzi, amayesanso. Zimenezi ndi zomwe timachita mu labu tikamasintha kulemera kwa chinthu chopachika pa sipuling'i n'kulemba zotsatira.

Newton alowa m'galasi

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kagulu ka anthu ku Apple kanayamba kuyesa sikirini yomva zala zingapo nthawi imodzi. Ording sanali yekha, mutu umodzi susenza denga. Panali anzake monga Imran Chaudhri ndi Greg Christie, komanso luso la kakampani ka FingerWorks, ka Wayne Westerman ndi John Elias, kamene Apple inagula mu 2005. Jobs anafotokoza pa msonkhano wina mu 2010 kuti poyamba iwo ankafuna kupanga tabuleti. Koma ataonetsedwa mndandanda woyenda wokha ukaukankha ndi chala, wokhala ndi kubwerera kwa mphira kumapeto, anazindikira kuti angapange foni, ndipo za tabuleti anayamba waziika pambali. Pa 9 Januwale 2007 ku San Francisco, Jobs anaonetsa iPhone koyamba pagulu. Atakankha mndandanda wa mayina a oimba ndi chala chimodzi, anthu m'holomo anamveka kudabwa.

Tiyeni tione zimene zimachitika mkatimo. Sikirini imadziwa pamene pali chala chanu, ndipo imayeza malowo kambirimbiri pa sekondi. Ikadziwa malo awiri ndi nthawi yapakati pake, imapeza liwiro: mtunda kugawa ndi nthawi, zomwe zija za Fomu 1. Mukachotsa chala, foni imasunga liwiro lomalizalo. Chithunzi cha pa sikirini chimajambulidwa mwatsopano pafupifupi ka 60 pa sekondi, ndipo ulendo uliwonse mndandanda umasunthidwa pang'ono molingana ndi liwirolo.

Apa ndi pamene Isaac Newton akulowa. Lamulo lake loyamba, la m'buku lake la 1687, limati chinthu choyenda chimapitirira kuyenda pa liwiro lomwelo pokhapokha mphamvu ina itachisokoneza. M'kalasi timati inertia. Wolemba pulogalamu akangotsatira lamuloli lokha, mndandanda sungaime. Ndiye ayenera kuikamo friction yongopeka, yochepetsa liwiro.

M'zida zimene Apple imapereka kwa olemba mapulogalamu muli nambala ya friction imeneyi: 0.998. Tanthauzo lake n'lakuti pa milisekondi iliyonse, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, liwiro limachulukitsidwa ndi 0.998. Zikuoneka zazing'ono, eti? Tengani kakyuleta. Mukachulukitsa 0.998 ndi iyo yokha ka 346 mupeza pafupifupi 0.5. Ndiye pakatha masekondi 0.35 liwiro latsika ndi theka. Pakathanso 0.35 ena latsala kota. Pakatha sekondi imodzi latsala pafupifupi 13.5 peresenti, pakatha masekondi awiri silikwananso 2 peresenti. A Fomu 4 mwazindikira kale: iyi ndi half-life, masamu omwe aja a radioactivity.

Tsopano chinthu chimene chimandisangalatsa ine monga mphunzitsi wa fizikisi. Buku limene mwalikankha pa desiki siliyenda motero. Friction ya pa desiki imakhala pafupifupi yofanana ulendo wonse, choncho liwiro limatsika mofanana sekondi iliyonse mpaka buku kuima nji. Mtunda wake umadalira liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo: mukakankha ndi liwiro lowirikiza kawiri, buku limapita mtunda wowirikiza kanayi. Za pa foni zimafanana kwambiri ndi chinthu choyenda pang'onopang'ono m'mafuta, mmene mphamvu yobweza imachepa liwiro likamachepa. Mukaphatikiza timitunda tonse, mupeza kuti mndandanda umayenda mtunda wofanana ndi liwiro loyamba kuchulukitsa ndi theka la sekondi. Mukakankha pa masentimita 60 pa sekondi, uyenda masentimita 30, ndipo ngati dzina lililonse limatenga sentimita imodzi, mwadutsa mayina 30. Mukawirikiza liwiro kawiri, mudutsa mayina 60, osati 120.

Mwaona? Sanangokopera chilengedwe. Panali mitundu iwiri ya friction, ndipo imene ili m'fonimo ndi imene, mmene ndikuonera ine, dzanja silivutika kuilosera: kukankha kawiri, mtunda kawiri. Munthu sungasankhe pakati pa zinthu ziwiri ngati sukudziwa kuti zilipo ziwiri.

Hooke ndi kamphira kaja

Vuto linatsala kumapeto. Ording mwini anafotokozapo kuti poyesa pulogalamu yake, nthawi zina ankakankha koma osasuntha kanthu, iye n'kuganiza kuti pulogalamu yafa. Kenako n'kuzindikira kuti ali kale kumapeto kwa mndandanda, akukankhira kolakwika. Sikirini yosayenda ikhoza kutanthauza zinthu ziwiri, kuti zatha kapena kuti foni yazizira, ndipo wogwiritsa ntchito alibe njira yosiyanitsira.

Yankho lake linali la Robert Hooke, amene mu 1678 anafalitsa lamulo lakuti sipuling'i imabweza ndi mphamvu yolingana ndi mmene waikokera: F = kx. Aliyense amene anakokapo legeni amalidziwa lamuloli m'manja mwake ngakhale sanalilembepo. Poyamba mphira imabwera mosavuta, ukamapitiriza imalimba.

Koma galasi la foni silingabweze chala chanu, lilibe mphamvu yokukankhani. Ndiye pali kachenjerero. Mukadutsa mapeto, mndandanda umasiya kuyenda mofanana ndi chala. Chala chikayenda sentimita imodzi, mndandanda umayenda yosakwana sentimita, ndipo mukamakokabe umayenda mochepa kwambiri. Diso likaona kuti chinthu chikutsalira m'mbuyo, ubongo umamva ngati chikukana, ngati chalimba. Mukasiya, mndandanda umabwerera. Sipuling'i yeniyeni ikanadumphadumpha kangapo, monga imachitira mu labu, ndipo simukanatha kuwerenga dzina lililonse. Choncho anaikamo damping, ntchito yomwe ija ya ma shock absorber a galimoto, kuti ubwerere kamodzi n'kukhazikika.

M'kanthawi kosakwana sekondi foni yakuuzani zinthu ziwiri popanda liwu ngakhale limodzi: ndakumva, ndipo zathera apa. Agogo amene sanapite kusukulu amva. Mwana wa zaka zitatu amva. Palibe chofunika kumasulira m'Chichewa kapena m'Chitumbuka.

Amene sagwirizana nane

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, zimenezi ndi zokongoletsa chabe. Luso lenileni ndi batire, purosesa ndi netiweki." Sindikukana kuti popanda zimenezo palibe foni. Komanso n'zoona kuti zina mwa zinthu zoyendayenda pa sikirini n'zokongoletsa basi. Chitsanzo ndi Cover Flow, imene Andrew Coulter Enright anaiganiza, Jonathan del Strother n'kuipanga, Apple n'kuigula mu 2006. Inkaonetsa zikuto za maalubamu zitandandalikidwa, iwe n'kumazitembenuza ngati ukusankha ma CD m'sitolo. Inali yokongola zedi, ndipo inalinso pa iPhone yoyamba. Koma inkaonetsa bwino chikuto chimodzi chokha pa nthawi, ndipo nyimbo zopanda chikuto zinkangooneka zofanana zonse. Mu 2012 inachotsedwa mu iTunes, kenako n'kuchotsedwanso kwina konse. Kamphira ka Ording kalipobe. Kusiyana kwake n'kwakuti Cover Flow inkatsanzira maonekedwe a shelefu, pamene kamphira kamayankha funso limene munthu ali nalo pa nthawiyo.

Wina anena za umwini. Mu Disembala 2008 boma la United States linapereka patenti nambala 7,469,381, chikalata chotsimikiza umwini wa luso, chokhala ndi dzina la Bas Ording, ndipo kubwerera kwa kumapeto kuja kuli m'menemo. Mu 2011 Apple inasumira Samsung, ndipo mu Ogasiti 2012 khoti la ku San Jose linagamula kuti Samsung ilipire ndalama zoposa madola 1 biliyoni pa mapatenti angapo, iyi ili m'gulumo. Ndalamazo zinasinthidwa kangapo pambuyo pake, mpaka makampani awiriwo anagwirizana zothetsa mlanduwo mu 2018. Funso n'lakuti, kodi munthu angakhale mwini wa kubwerera kwa mphira, pamene Hooke sanalipiritse aliyense?

Apa ndili pakati, ndipo ndinena mosabisa. Kuona kuti lamulo la 1678 lingathetse vuto la sikirini ya 2007 ndi luso ndithu, ndipo woliona ayenera kutchulidwa ndi kulipidwa. Koma sindikondwa kuti chinthu chothandiza munthu kumvetsa foni yake chikhale cha kampani imodzi kwa zaka zambiri. Kwa nthawi yaitali mafoni a Android, amene ambiri a ife timagwiritsa ntchito, ankaonetsa kuwala m'mphepete, ndipo kutamuka kuja kunabwera ndi Android 12 mu 2021. Kuwala kumagwira ntchito, koma uyenera kuphunzira tanthauzo lake. Mphira sufunika kuiphunzira.

Atachotsa mapeto

Chotsutsa chachitatu ndiye cholemera, ndipo ndi changa chomwe. Kuyenda kosalala kumene Ording anapanga n'komwe kumakugwirani pa foni mpaka pakati pa usiku. Sindinganene kuti luso lake lilibe mbali pa zimenezi.

Mu 2006 Aza Raskin, katswiri wina wa UX wa ku America, anapanga infinite scroll, mndandanda wopanda mapeto. Kale ukafika pansi pa tsamba unkayenera kudina kuti upite tsamba lotsatira. Raskin anaona kuti kudinako n'kotopetsa, ndiye anachita zoti ukamayandikira pansi, zina zizibwera zokha. Mu 2009 Loren Brichter anaika mu pulogalamu yake ya Tweetie njira yoti ukakoka mndandanda pamwamba n'kuusiya, zatsopano zizibwera. Taganizirani: kamphira kamene kankanena kuti zathera apa kanasanduka chingwe choitanira zina. Anthu awiri onsewa ankafuna kuthandiza, ndipo onse awiri pambuyo pake ananena poyera kuti akudandaula ndi mmene luso lawo lakolera anthu. Raskin anathandiza kuyambitsa bungwe la Center for Humane Technology mu 2018, lochenjeza za vuto limeneli.

M'kalasi timakonda kunena za friction ngati mdani: imatenthetsa makina, imadya matayala, imataya mphamvu. Koma yesani kuyenda pa simenti yothira sopo. Yesani kutsika phiri pa njinga yopanda mabuleki. Batani la tsamba lotsatira lija linali buleki. Linkakupatsa sekondi imodzi yodzifunsa kuti, kodi ndipitirize? Sekondi imeneyo ndi imene inachotsedwa, ndipo lamulo loyamba la Newton limagwiranso ntchito pa chizolowezi cha munthu mwa fanizo: chimene chayamba kuyenda chimapitirira mpaka china chitachiimitsa.

Sindikulankhula ngati munthu woyera ayi. Usiku wina ndili ndi mulu wa mapepala oti ndichonge, ndinatenga foni kuti ndione chithunzi cha taimutebulo. Ndisanachipeze ndinatsegula pulogalamu ina ya mavidiyo, kungoti ndione imodzi. Pamene ndimadzidzimuka ola linali litatha, bandulo itatha, mapepala ali pomwepo, taimutebulo sindinaione. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kusiyana kwa mindandanda iwiriyi kukhale komveka. Mndandanda wa nyimbo zanu ndi wanu. Uli ndi chiyambi ndi mapeto, ndipo mumaulowa mukudziwa chimene mukufuna. Woupanga wapambana mukapeza nyimboyo msanga. Mndandanda wopanda mapeto ndi wa wina. Iye ndiye amasankha chobwera, ndipo kawirikawiri ndalama zake zimachokera ku zotsatsa malonda zimene mumaona mukamakhalitsa. Woupanga wapambana mukachedwa kuchoka. Chala n'chomwecho, masamu a 0.998 ndi omwewo, koma wina akukusungirani nthawi, wina akuitenga. Ola limodzi usiku uliwonse kwa temu ya masabata 12 ndi maola 84. Wa Fomu 4 awerenge yekha kuti m'maola amenewo mukanalowa mapepala angati a MSCE akale.

Zoti muyese sabata ino

Tsegulani mapulogalamu asanu amene mumagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo mu iliyonse mufunefune mapeto. Imene ili ndi pansi, ilembeni kumanzere kwa pepala. Imene ilibe, kumanja. Za kumanjazo muziike buleki nokha, popeza wozipanga anaichotsa: tcherani alamu musanatsegule, kapena chotsani kachithunzi kake pa sikirini yoyamba kuti muzichita kukafunafuna. Masekondi ochepa ofunafunawo ndi friction imene mukubwezeretsa.

Kenako yesani kukhala wa UX wa foni yanu. Manotsi ojambula aikeni m'mafoda, phunziro lililonse foda yake. Poika mayina yambani ndi chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-03-12-electricity, ndipo muona kuti kompyuta ikuwandandalika yokha motsata nthawi. Mukatero mupatse mnzanu foniyo, mumuuze kuti apeze manotsi a magetsi, inu muwerenge masekondi osamuthandiza. Pamene wakakamira, vuto si iye. Sinthani kasanjidwe, muyesenso ndi munthu wina. Amene alibe foni achite zomwezo ndi pepala: jambulani masikirini atatu a pulogalamu yongoganizira, mnzanu azidina ndi chala, inu muzisintha mapepala. Akatswiri enieni amayamba motero.

Kwa mtsikana uja wa Fomu 3, yankho lako ndi ili. Trolley ija ndi mndandanda wa nyimbo. Sipuling'i ija ndi mapeto ake. Half-life imene udzaphunzire chaka chamawa ndi mmene umaimira. Ukadzayamba kupanga mapulogalamu ako, nambala zimenezi udzazisankha ndiwe, ndipo tsiku lina wina adzakuuza kuti uchotse mapeto kuti anthu azikhalitsa. Ine pempho langa n'lakuti udzasiyeko kamphira pansi pake. Lolemba ubwere ndi kakyuleta, tidzayambe ndi 0.998.